Nyengo za ku Kapichila: Mafunso ndi Mayankho Ake

Munthu wobadwira m'dziko la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi kum'mawa kwa Zambia, safuna mlendo womuuza kuti mvula imagwa dzinja, pakuti zimenezo anazidziwa akali kumbuyo kwa amake. Koma alipo mafunso ena amene ngakhale nkhalamba zimafunsana pabwalo, makamaka zaka zino pamene mitambo yayamba kunyenga anthu amene kale inkawasunga. Ndipo mafunso oterowo tawasonkhanitsa muno, kuti tiwayankhe limodzilimodzi monga momwe nzeru za makolo ndi miyeso ya akatswiri a zanyengo zitithandizira.

Kodi malo amene Kapichila ali ali ndi kanthu pa nyengo yake?

Ali nako kanthu kakakulu ndithu, pakuti nyengo ya dziko lililonse imalamulidwa poyamba ndi zinthu ziwiri: kutalikirana kwake ndi mzere wa ikweta, ndi kukwera kwake pamwamba pa nyanja yamchere. Lundazi ali pa madigiri 12 kum'mwera kwa ikweta, makilomita ngati 180 kumpoto kwa Chipata, pamtunda wotambalala umene wakwera mamita oposa 1,100. Ndipo popeza mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera, anthu a pamtunda uwu analandira nyengo yofatsa, imene abale awo a kuchigwa amaisirira.

Kumadzulo dziko limatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, kumene mtsinje wa Lundazi ndi anzake amakathira madzi awo. Ndipo kumeneko, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, mwezi wa Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, kotero kuti munthu wa kumtunda akapitako kukacheza amagona panja, osafunda kanthu. Kum'mawa, kutsidya kwa malire, kuli Mzimba ndi mapiri a Viphya, amene amaima pakati pa ife ndi nyanja ya Malawi, nalanda chinyezi cha mphepo yochokera kunyanjako isanatifike. N'chifukwa chake Nkhata Bay ali wobiriwira chaka chonse, pamene Mzimba ndi Lundazi amauma gwa miyezi isanu ndi umodzi. M'chaka cha 2018 boma lakale la Lundazi linagawidwa patatu, nipatuka Chasefu ndi Lumezi, ndipo chigwa chija chinapita ku Lumezi; koma mitambo sidziwa malire olembedwa m'maofesi, ndipo mphepo yotentha ya kuchigwa imakwerabe kudzatipeza monga kale.

Nanga nyengo za pachaka n'zingati?

Mabuku a sukulu amati zitatu: yamvula, yozizira ndi yotentha. Mlimi amati zinayi, ndipo ife tiima ndi mlimi, pakuti sangathe kuphatikiza masika ndi nyengo ina iliyonse munthu amene anadyapo mondokwa woyamba atatha mwezi wa njala.

Dzinja limayamba cha kumapeto kwa Novembala, nilimba m'Disembala, Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene mvula yambiri ya chaka imagwa, niliyamba kufooka m'Malichi. Pamenepo masika amalowa, m'Epulo ndi Meyi, pamene mame amachuluka m'mawa, maungu ndi nzimbe zili mbwee, chimanga chikuuma m'mikukwe, ndipo mlendo sabwezedwa ndi njala pakhomo la munthu aliyense. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya chisanu, pamene usiku kuzizira kumatsika kufika pa madigiri 10 kapena kucheperapo, ngakhale masana dzuwa limawala bwino lomwe. Ndipo m'Ogasiti mphepo ya mwera imakuntha, niutsa fumbi, nigwetsa masamba. Potsiriza pamadza chilimwe, kuyambira Seputembala kufikira mvula itagwa, nyengo ya akamvuluvulu, ya lupsa ndi utsi wophimba mapiri, ya nyenje zolira masana onse, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo zitsime zosazama zimaphwa. Chozizwitsa n'chakuti m'nyengo youma yomweyi, dontho lisanagwe n'limodzi lomwe, mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira, potunga madzi amene mizu yake yakuya inawasunga kuyambira dzinja lapitalo.

Miyambo ya anthu inatsata nyengo zimenezi. Angoni amachita Nc'wala ku Mtenguleni m'Febuluwale, pamene zakumunda zoyamba zacha. Achewa amachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, pamene nkhokwe zadzaza, njira zauma, ndipo khasu likupuma.

Mvula yathu imachokera kuti?

Imachokera kutali, ndipo imabwera ndi mphepo zitatu zimene zimakumana pamwamba pathu. Dzuwa likamayenda pamutu penipeni pa dziko lina, limatenthetsa nthaka, mpweya wa pamenepo nupepuka, nukwera kumwamba, ndipo mphepo za mbali zonse zimathamangira kudzalowa m'malo mwake. Ina imachokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja ya India, ndiyo mwera uja. Ina imachokera kumpoto chakum'mawa. Ndipo yachitatu, imene ili yonyowa kuposa zonse, imachokera kunyanja ya Atlantic, nidutsa pamwamba pa nkhalango za Congo, nitifika kuchokera kumpoto chakumadzulo. Pamene mphepo zimenezi zakumana, mpweya wonyowa umakankhidwira kumwamba, nuzizira, nusanduka mitambo yakuda imene imagwetsa mvula. Akatswiri amautcha mkumano umenewu ITCZ, ndipo sukhala malo amodzi: umatsata dzuwa pang'onopang'ono, nutsikira kum'mwera m'Novembala ndi Disembala, nubwerera kumpoto m'Malichi ndi Epulo. Ichi ndicho chifukwa chake mvula imayamba msanga ku Mbala ndi ku Mwinilunga, nichedwa kutha kumeneko, pamene ku Livingstone imafika mochedwa niyamba kuchoka.

Tsono mvula ya mkumano uwu ili mitundu iwiri, ndipo mlimi amaisiyanitsa bwino. Ina ndi yamabingu, imene imasonkhana masana dzuwa litatentha, nigwa mwaukali kwa ola limodzi, nthawi zina ndi matalala, ninyowetsa mudzi umodzi kusiya mudzi woyandikana nawo uli fumbi lokhalokha, kotero kuti anthu osadziwa amayamba kuloza zala nkhalamba zosalakwa kuti zamanga mvula. Ina ndi mvumbi, umene umadza mphepo ya ku Congo ikalimba, nugwa mofatsa masiku awiri kapena atatu dzuwa osaoneka. Umenewu ndiwo umalowa pansi ndi kudzaza madambo.

Bwanji kumatentha kwambiri m'Okutobala, osati m'Disembala kapena Januwale?

Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale. M'Febuluwale mitambo imalitchinga, ndipo mphamvu yake yambiri imathera pa kuumitsa nthaka yonyowa ndi masamba. Koma m'Okutobala kumwamba kuli mbee, pansi pali pouma, ndipo kutentha konse kumatsikira pa anthu ndi ziweto. Ndiyo nyengonso imene chitopa chimasesa nkhuku m'midzi, choncho katemera wake aperekedwe kutenthako kusanafike.

Pawailesi amanena za mamilimita. Kodi mamilimita a mvula n'chiyani, ndipo kwathu kumagwa angati?

Milimita imodzi ya mvula ndiyo lita imodzi ya madzi yogwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye kuti pamunda wa hekitala imodzi pagwa malita 10,000. Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya atsamunda ankawerenga mainchesi, ndipo inchesi imodzi ndiyo mamilimita 25.

Akatswiri a zaulimi anagawa Zambia m'zigawo zitatu potsata mvula. Chigawo choyamba ndi cha zigwa za Luangwa ndi Zambezi pamodzi ndi kum'mwera, kumene pachaka pamagwa mamilimita osafika 800. Chachiwiri ndi cha mtunda wapakati ndi wakum'mawa, kumene pamagwa 800 mpaka 1,000. Chachitatu ndi cha kumpoto, kumene imapitirira 1,000, nitsuka nthaka mpaka kuisiya yowawasa. Kapichila ali m'chigawo chachiwiri, chimene ndicho nkhokwe ya dziko lonse, ndipo nyengo yake yolima imatenga masiku a pakati pa 100 ndi 140. Popeza chimanga chimafuna mamilimita a pakati pa 500 ndi 800 kuti chikhwime, aliyense angathe kuona kuti Mulungu sanawamane madzi anthu a kuno. Ndipo mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje, fodya ndi nyemba zofiira zimene m'misika ya ku Lusaka amazitcha dzina la Lundazi zikuchitira umboni.

Ngati mvula ili yokwanira chotero, nanga njala imalowera pati?

Ili ndilo funso lalikulu kuposa onse, ndipo amene alimvetsa wamvetsa nyengo ya kwathu. Chimene chimapha mbewu kuno kawirikawiri si kuchepa kwa mvula ya chaka chonse ayi, koma kagwedwe kake. Mwana amene mwamuphikira nsima ya sabata lonse tsiku limodzi, nimumusiya masiku asanu ndi limodzi osalawa kanthu, simunganene kuti mwamudyetsa, ngakhale ufa umene watha uli wofanana ndi wa mnzake wodya tsiku ndi tsiku. Momwemonso chaka chingathe kugwetsa mamilimita 900, olemba miyeso nanena kuti chinali chaka chabwino, pamene nkhokwe zili mbee.

Mdani weniweni ndi ng'amba ya pakati pa dzinja. Mkumano wa mphepo uja ukasunthira kumpoto, kapena mpweya wouma ukakhazikika pamwamba pa maiko a kum'mwera, mvula imadula kwa masiku khumi, masabata awiri, mwina atatu, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimachitika m'Januwale kapena m'Febuluwale. Chimanga chaching'ono chimapirira: chimapota masamba masana, nichitambasulanso usiku, ndipo mvula ikabwerera chimadzuka. Koma chimanga chimene chikumasula ngaiyaye ndi kutulutsa ndevu sichipirira konse, pakuti m'masiku owerengeka amenewo ufa wa ngaiyaye uyenera kugwera pa ndevu zanthete kuti njere zipangike. Ndipo madzi akasowa, ndevu zimachedwa kutuluka, ufawo nuuma ndi dzuwa, kotero kuti ngakhale mvula itadzagwa yochuluka pambuyo pake, mlimi adzakolola mapesi aatali obereka zitsononkho. Palibe feteleza amene angabweze masiku amenewo.

Kumbali inanso, mvula yopitirira muyeso ili ndi tsoka lake, pakuti walira mvula walira matope. Mvumbi ukakhalitsa, feteleza wobereketsa amatsukidwa kupita pansi kumene mizu sifika, minda ya m'mphepete mwa dambo imamira, chimanga nichita chikasu, udzu numera msanga kuposa dzanja la wopalira. Ndipo ikapitirira kugwa m'Epulo ndi Meyi, mtedza wokumbidwa umachita chuku, chimene chili poizoni ku chiwindi cha munthu, ndiponso chimagwetsa mtengo pamsika. Onjezanipo mbozi za ntchemberezandonda zachilendo, zimene zinalowa m'Zambia cha kumapeto kwa 2016, ndipo zimasakaza koposa pamene kwatentha ndipo mvula yadula, ndipo mudzaona kuti chaka cha mlimi chimaweruzidwa ndi masabata owerengeka chabe.

Tsono tibzale liti? Kodi mvula yoyamba ndiyo yobzalira?

Iyayi. Mvula imene imagwa m'Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, imene makolo anaitcha chizimalupsa, ntchito yake ndi kuzima moto wa m'tchire, kugoneka fumbi, ndi kukumbutsa waulesi kuti asose munda wake. Koma pambuyo pake dzuwa limabwerera mwaukali kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo mbewu imene yamera ndi chinyezi chapamwamba chokha imapserera. Kale, pamene mbewu inali ya m'nkhokwe, munthu ankangobwereza kubzala. Lero, pamene thumba la mbewu limagulidwa ndi ndalama za mbuzi, kulakwa kotero kumaliritsa banja lonse.

Alangizi amati mlimi adikire mvula ya mamilimita 20 kapena 30 yogwa m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, panthawi imene dzinja limayamba mwa masiku onse, ndiko kuti kuyambira pakati pa Novembala kufikira pakati pa Disembala. Wopanda choyezera akumbe ndi khasu: ngati chinyezi chalowa kuya kwa chikhatho chonse kufikira pamfundo ya dzanja, nthaka yamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma tichenjeze msanga, kuti kudekha kusasanduke ulesi. Mvula yeniyeni ikagwa, tsiku lililonse lochedwa limadya zokolola, ndipo ofufuza anapeza kuti chimanga chimataya gawo limodzi kapena awiri pa 100 alionse pa tsiku lililonse limene mlimi wachedwa. Zifukwa zake n'zodziwika: mvula yoyamba imadzutsa chonde chimene chinagona m'nthaka chilimwe chonse, ndipo chondecho chimatsukidwa ngati palibe mizu yochilandira, udzu umatsogola, ndiponso chimanga chochedwa chimakafika pomasula panthawi imene mvula yayamba kufooka. Apa ndipo pagona tsoka la mlimi wopanda ng'ombe, amene amadikira kuti mwini ng'ombe athe minda yake yonse asanabwere kudzamulimira, nabzala pa Khirisimasi pamene cha mnzake chafika m'mawondo. M'mera m'poyamba.

Kodi El Niño amene amatchulidwa kawirikawiri ndani, ndipo atidziwa bwanji ife a ku Kapichila?

Si munthu, koma kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kufupi ndi gombe la Peru, kumene kumachitika pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo popeza nyanjayo ndi yaikulu kuposa zonse, ikatentha imasokoneza kayendedwe ka mphepo padziko lonse lapansi. Maiko a kum'mwera kwa Africa amalandira chilala, pamene Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania amalandira madzi osefukira. Madzi omwewo akazizira kuposa masiku onse, chimene amachitcha La Niña, zinthu zimatembenuka, ndipo kuno mvula imachuluka.

Akuluakulu akukumbukira chilala cha 1991 ndi 1992, pamene anthu anadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Chinadzanso m'dzinja la 2015 ndi 2016. Ndipo choopsa kuposa zonse m'masiku athu ndi cha 2023 ndi 2024, pamene mvula inadula masabata asanu ndi kupitirira kuyambira kumapeto kwa Januwale, panthawi yeniyeni ija imene chimanga chimamasula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pangozi, atanena kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa, ndi kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga chobzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni aonongeka. Ndipo pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28 a Malawi. Zambia, amene chaka chapitacho anakolola matani oposa 3.2 miliyoni, anangopeza 1.5 miliyoni, madzi anachepa kwambiri ku Kariba, magetsi nazima m'mizinda kwa maola ambiri tsiku lililonse.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene a ku Lundazi ayenera kuchidziwa. Dziko lawo lili pafupi ndi malire a pakati pa maiko amene El Niño amawaumitsa ndi amene amawanyowetsa. Chifukwa chake chaka china chilala cha ku Choma ndi ku Petauke chimafika kuno ndi mphamvu yake yonse, ndipo chaka china chimalekera panjira. Wakumva kuti El Niño akubwera asataye khasu, koma asankhe mbewu yocha msanga, nagawe munda wake.

Nanga zizindikiro za makolo tizitaye, popeza kuli akatswiri?

Musazitaye, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma muzisankhe. Zizindikiro zonena za masiku ali pafupi n'zokhulupirika, ndipo sayansi imazivomereza. Mphepo ikaleka kuchokera kum'mwera niyamba kuchokera kumpoto chakumadzulo, usiku nukhala wa thukuta, ndiye kuti mpweya wonyowa wa ku Congo wafika. Anamzeze akamauluka pansipansi, achule nayamba kulira m'dambo, nyerere nizisamutsa mazira awo, zonsezi zamva chinyezi chimene khungu la munthu silinachimve. Kamtambo kakang'ono kamene mnyamata wa Eliya anakaona kakukwera kuchokera kunyanja kanali chizindikiro cha mtundu womwewu, ndipo mneneriyo sanachedwe kuuza mfumu kuti ikonzeke.

Koma zizindikiro zonena za dzinja lonse, monga kuti mango kapena masuku akabereka kwambiri kudzakhala njala, ife tizikayikira. Pakuti mtengo umabereka potsata madzi amene unamwa chaka chatha ndi kuzizira kumene unakumana nako pochita maluwa, ndipo ukunena za kumbuyo koposa za kutsogolo. Makolo athu eniake ankadziwa kuti nzeru zawo zili ndi polekezera, n'chifukwa chake mvula ikakana ankapita ndi nsembe kukachisi, ndipo Achewa ankatumiza mithenga kwa Makewana ku Msinja.

Akatswiri nawonso ali ndi polekezera pawo, ndipo amavomera. Chaka ndi chaka, cha m'Ogasiti kapena Seputembala, a zanyengo a maiko a SADC amasonkhana pamsonkhano wotchedwa SARCOF, umene unayamba mu 1997, ndipo pambuyo pake nthambi ya zanyengo ya Zambia imalengeza za dzinja likudzalo, uthengawo nufika m'midzi kudzera mwa alangizi ndi mawailesi monga Radio Chikaya ya ku Lundazi ndi Breeze FM ya ku Chipata. Akanena kuti mvula idzakhala yapakati kapena yocheperapo, sakulonjeza. Akunena mbali imene muyeso wapendekera, ndipo sangathe kuuza munthu tsiku limene ng'amba idzayamba pamunda pake. Ulosi wa masiku asanu ndi awiri kapena khumi ndiwo wothandiza koposa posankha tsiku lobzala, lothira feteleza, kapena lokumba mtedza.

Kodi anamondwe onga amene anasakaza Malawi angafike kuno?

Anamondwe amabadwira panyanja yotentha, ndipo akalowa pamtunda mphamvu yawo imatha. Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 kum'mwera kwa Malawi m'Malichi 2023, anathera kutali ndi ife. Chimene amatichita n'chosiyana: nthawi zina amatitumizira mvumbi, ndipo nthawi zina amakokera chinyezi chonse kwa iwo okha, natisiya ndi dzuwa pakati pa dzinja. Ngozi za kuno ndi mphenzi, mphepo yosasula madenga pamene dzinja likuyamba, ndi mitsinje yodzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula yogwa kumtunda. Pamenepo linda madzi apite, ndipo uziti ndadala.

Nyengo yachisanu ili ndi phindu lanji kwa mlimi?

Ndiyo nyengo ya madimba. Madambo amene anamwa mvula ya dzinja amaitulutsa pang'onopang'ono, ndipo mpiru, kabichi, anyezi ndi matimati zimakonda kuzizira kumene kumachepetsa tizilombo. Koma mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsikira m'dambo momwemo, kotero kuti m'mawa wina wa Juni kapena Julayi mlimi angapeze matimati ndi nyemba zake zitapserera, pamene za mnzake wa kumtunda pang'ono zili bwino. Ndiyonso nyengo ya chifuwa ndi chibayo kwa ana ndi okalamba, monga momwe malungo amachulukira kumapeto kwa dzinja, pamene zithaphwi zadzaza udzudzu.

Akuluakulu amati nyengo yasintha. Kodi n'zoona, kapena n'kudandaula kwa ukalamba?

N'zoona, ngakhale si zonse zimene zimanenedwa. Miyeso ikusonyeza kuti kutentha kwa Zambia kwakwera ndi madigiri oposa 1 kuyambira m'chaka cha 1960, ndipo masiku ndi mausiku otentha achuluka. Chiyambi chake chachikulu ndi utsi wa malasha ndi mafuta umene maiko a mafakitale akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 100, mlandu umene mlimi wa ku Kapichila sanaupalamule, koma akuulipira. Kutentha kukakwera, nthaka imauma msanga, ndipo ng'amba ya masiku khumi imapweteka monga inkapwetekera ya masabata awiri. Kunena kuti kale kunalibe chilala ndiko kuiwala, pakuti njala ya 1949 ikali m'kamwa mwa okalamba a ku Malawi.

Za mitengo tinene mosakondera. Mitengo ya pamudzi umodzi siitana mkumano wa mphepo, ndipo amene amati kudula mitengo kokha ndiko kwathamangitsa mvula akuwonjeza. Koma mitengo ndiyo imasunga mvula imene yagwa. Pamene nkhalango yatha ndi makala, ndi nkhuni zowotchera fodya, ndi minda yatsopano, madzi amathamanga pamwamba, nakokolola nthaka, nakumba zigwembe, ndipo mtsinje umene unkayenda kufikira Okutobala umaphwa m'Julayi. Mlandu uwu ndi wathu, ndipo sitingaukankhire kwa azungu.

Potsiriza, munthu achitenji, popeza mvula sailamula?

Achite ntchito ya dzinja m'chilimwe. Njira ya gamphani, imene bungwe la Conservation Farming Unit linaifalitsa m'Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1990, yagona pa mfundo yomweyi: mlimi amakumba maenje akuya masentimita 20 nthaka ikali youma, m'mizere yotalikirana masentimita 90, dzenje ndi dzenje masentimita 70, nathiramo manyowa, nasiya mapesi pansi osawatentha, ndipo wa ng'ombe amang'amba mizere ndi chipangizo chotchedwa lipa m'malo mogalauza munda wonse. Mvula yobzalira ikagwa, iye amabzala tsiku lomwelo. Ndipo ng'amba ikadza, madzi osungidwa m'maenje ndi pansi pa mapesi amapatsa chimanga masiku ena owonjezera, amene nthawi zambiri ndiwo amasiyanitsa wokolola ndi wopita kuganyu. Ntchitoyo ndi yowawa chaka choyamba, ndipo udzu umavuta, tisanamize munthu. Bungwe la COMACO, limene linayambira ntchito zake ku Lundazi komweko mu 2003, limaphunzitsa kubzala mitengo ya gliricidia m'minda. Ndipo msangu, umene umayoyola masamba ake dzinja ndi kuphuka chilimwe, umadyetsa chimanga osachitchinga dzuwa.

Asaikenso moyo wa banja lonse pa mbewu imodzi. Chimanga chocha msanga ndi chapakati zikabzalidwa m'zigawo ziwiri sizimasula sabata limodzi, ndipo ng'amba singaziphe zonse. Mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi khobwe, zimene ana a masiku ano amazinyoza, zimaima pamene chimanga chagwa. Ndipo chaka cha dzinthu chikadza, akumbukire Yosefe ku Igupto, asathamangire kugulitsa zonse kwa ogula a m'Meyi pamtengo wa chitayo, kuti adzagulenso chimanga chomwecho m'Febuluwale pamtengo wowirikiza.

Kwa aphunzitsi ndi mafumu a midzi tipempha chinthu chimodzi chaching'ono: pasukulu iliyonse paikidwe choyezera mvula, ndipo ana alembe m'buku tsiku ndi tsiku mamilimita amene agwa, tsiku limene mvula yobzalira inafika, ndi masiku amene ng'amba inakhala, pakuti miyeso ya ku boma singanene za munda uliwonse, ndipo pakutha zaka khumi buku lotero lidzalangiza mudzi kuposa mlendo aliyense. Ndipo inu alimi a ku Kapichila, maenje anu akhale atatha Okutobala asanathe, ndipo mbewu ikhale ili m'nyumba pofika sabata loyamba la Novembala.